FONI IKADWALA, TIYAMBIRE PATI?

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za kanthu kamene masiku ano sikachoka m'dzanja kapena m'thumba la munthu, ndiko lamya ya m'manja, imene tonse tinazolowera kuitchula kuti foni. Tisanapite patali tiyambe taulula chimene chinachitika pakhomo pathu penipeni, ngakhale kuti ndi nkhani yotichititsa manyazi.

Unali mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana, pamene mwana wathu wamkulu anatitumizira ndalama za feteleza pa foni. Tsiku limene tinapangana kuti tikazitape, foniyo inakana kuyaka. Inali itagona pa tchaja usiku wonse, koma kutacha inali chizimire. Tsono madzulo a dzulo lake tinali titaona mdzukulu wathu wa zaka 9 ataigwira. Mlandu sunachedwe: odandaula tinali ife, mboni ife, oweruza ife ndithu, ndipo mwanayo analira mpaka kukana phala. Tinathamangira kwa wokonza mafoni wina pamsika, amene asanaiyang'ane n'komwe anati batire lafa, natchula mtengo umene ukanaluma kwambiri ndalama za fetelezazo. Tinamuuza kuti tikaganize kaye. Pobwerera tinapatukira kwa mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene anaphunzirako za magetsi. Iye anaunika ndi tochi m'kabowo kolowera chingwe, nasongola kamtengo ka machesi, nayamba kutokosa pang'onopang'ono. Chimene chinatulukamo chinali kam'bulu ka ulusi ndi fumbi, kosaposa njere ya mapira. Atalumikizanso chingwe, sipanapite nthawi foni inaonetsa kuti ikutchaja. Ulusiwo unali wa m'thumba la jekete lathu lomwe. Mwana uja analibe mlandu.

Tsiku limenelo tinaphunzira kuti matenda ambiri a foni sakhala m'kati mwake koma pakhomo pake, ndiponso kuti munthu wofulumira kuweruza amataya ndalama pamodzi ndi mtendere wa m'nyumba. Nkhaniyi si yaing'ono. Pamene Martin Cooper wa kampani ya Motorola anaimba foni yoyamba ya m'manja mumzinda wa New York pa 3 Epulo 1973, chinali chinthu cholemera kuposa kilogalamu, chodziwa ntchito imodzi yokha, ndiyo ya kulankhula. Kuno kwathu kampani ya TNM inakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, ndipo Celtel, imene pambuyo pake inasanduka Airtel, inatsatira mu 1999. Koma chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, foni inasanduka chikwama cha ndalama, kuonjezera pa kukhala buku la manambala a abale, tochi, wailesi, ndi mthenga woitana galimoto wina akadwala usiku. Chifukwa chake ndi bwino kuti banja lirilonse lidziwe kufufuza matenda ake mwadongosolo, lisanataye ndalama kapena kuloza munthu chala.

Malamulo anai a wofufuza

Loyamba ndi ili: yambani ndi chimene chiri kunja ndiponso chotsika mtengo. Mlimi akaona kuti madzi sakufika m'dimba mwake sathamangira kukumba chitsime china. Amayamba watsata ngalande kuti aone pamene zinyalala zatseka. Momwemonso ife, tisanatchule batire kapena zam'kati, tiyambe taona soketi, tchaja, chingwe ndi fumbi.

Lachiwiri: sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Mukasintha chingwe, tchaja ndi soketi zonse pamodzi, foni n'kuyamba kutchaja, simudzadziwa chimene chinali cholakwa, ndipo mwina mudzataya ziwiri zabwino chifukwa cha chimodzi choipa.

Lachitatu: funsani mofatsa. Kodi vutoli linayamba liti? Kodi foni inagwa, inanyowa, kapena inaikidwa pa tchaja yachilendo? Kawirikawiri wodziwa yankho amakhala mwana, ndipo mwana amene waona chikoti sanena zoona. Akabisa kuti foni inagwera m'ndowa, ife tidzailumikiza ku magetsi iri yonyowa, ndipo idzafera m'manja mwathu, osati mwake.

Lachinai: dziwani polekezera. Pali ntchito ya mwini foni, palinso ntchito ya mmisiri. Mafoni ambiri a masiku ano ndi omata, ndipo wowatsegula ndi mpeni amaswa galasi kapena kuboola batire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ikakana kutchaja

Moto usanafike m'batire umadutsa malo anai. Umachokera pa soketi, pamene magetsi a m'nyumba zathu ali ndi mphamvu ya mavolti 230, umalowa m'mutu wa tchaja, umene pa matchaja wamba umautsitsa kufika pa mavolti 5, umayenda m'chingwe, kenaka umalowa pa kabowo ka foni. Paliponse mwa malo amenewa njira ingathe kuduka. Tsono yesani motere. Pa soketi yomweyo lumikizani chinthu china, monga wailesi. Ngati pakhomo panu mudalira sola, onani ngati batire lake lakhuta, pakuti masiku a mitambo limagona ndi njala. Kenaka bwerekani chingwe cha mnansi, mutu ukhale womwewo. Pambuyo pake sinthani mutu, chingwe chikhale chanu. Chingwe ndicho chimafa kawirikawiri, chifukwa nthambo za m'kati mwake ndi zazing'ono ngati tsitsi, ndipo zimaduka pakhosi pamene timapinda. Chizindikiro chake ndi chakuti foni imatchaja pokhapokha chingwe chitapindidwa mwa njira ina yake. Chingwe chotero chatha ntchito. Kuchimanga ndi mphira ndi kungochedwetsa maliro.

Ngati tchaja ndi chingwe zikugwira ntchito pa foni ina, unikani m'kabowo. Nthawi iriyonse tikalowetsa chingwe timatsindira ulusi wa m'thumba m'katimo, mpaka umalimba gwa, ndipo chingwe chimaleka kufika kumapeto. Mudzadziwa poona kuti chikugwedera kapena kusololoka chokha. Zimitsani foni, tengani kamtengo kouma kosongoka, ka machesi kapena ka nsungwi, ndipo kokerani kunja zinyalalazo mosakakamiza. Singano musayese, pakuti chitsulo chimakala ndi kugunditsa timizere ta magetsi. Pakati pa kabowoko pali kalilime kopyapyala. Kakathyoka, ntchito yasanduka ya mmisiri. Kumbukiraninso kuti chingwe cha mtundu wakale wa Micro-USB chimalowa mbali imodzi yokha, ndipo ambiri a ife tathyola kalilimeko pochikakamiza chozondoka mumdima. Mtundu wa USB-C, umene unatuluka mu 2014, umalowa mbali iriyonse.

Chenjerani ndi tchaja yopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu, yolira ngati udzudzu, kapena yotentha kosagwirika. Yotereyo imatulutsa moto wosakhazikika, ndipo kutsika mtengo kwake timakulipira ndi foni yathu. Musalumikize foni ku batire la galimoto kapena la sola la mavolti 12 ndi nthambo wamba, popanda kachipangizo kotsitsa mphamvu. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, kapena magetsi akazima, zulani tchaja pakhoma, chifukwa mphamvu yobwera modzidzimutsa imaotcha zipangizo.

Ikakana kuyaka

Si foni iriyonse yoti bii imene yafa. Batire likatheratu moto, foni ingathe kukhala pa tchaja mpaka theka la ola isanaonetse chizindikiro chirichonse. Choncho isiyeni, musamangoizula ndi kuilumikizanso. Ikapitirira kukhala chete, iimbireni ndi foni ina. Ikalira kapena kunjenjemera pamene nkhope yake iri yakuda, dziwani kuti iri moyo, chadwala ndi sikirini. Nthawi zina foni imangouma, osayankha batani lirilonse, ndipo mankhwala ake ndi kuikakamiza kuti iyambirenso. Kanikizani batani loyatsira osalekeza kwa masekondi 30. Pa mafoni a Samsung kanikizani batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira mau kwa masekondi oposa 7. Kuchita zimenezi sikufufuta zithunzi kapena manambala. Vulaninso kava wake, pakuti kava wothina ndi fumbi zimatha kugwira batani kuti lisabwerere.

Kafoni ka mabatani kali ndi mwayi wake, chifukwa batire lake limachoka. Lichotseni, pukutani timano take tachikasu ndi kansalu kouma, onani kuti timapini ta m'foni sitinapindike, ndipo libwezeni pamalo pake. Ngati mnansi ali ndi kafoni ka mtundu womwewo, bwerekani batire lake mphindi imodzi, ndipo mudzadziwa pomwepo ngati chafa ndi batire kapena foni.

Za batire: kutha msanga, kutentha ndi kutupa

Mabatire a mafoni athu ndi a mtundu wotchedwa lithium-ion, umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa m'chaka cha 1991. Akatswiri atatu amene anaupanga kuti utheke, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphotho ya Nobel mu 2019. Ndi batire lodabwitsa, koma limakalamba. Kampani ya Apple imanena kuti batire la iPhone 14 ndi a mafoni ake akale kuposa pamenepo linapangidwa kuti likadzazidwa ndi kutha maulendo 500, likhale likusungabe magawo 80 mwa 100 a mphamvu yake. Kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku maulendo 500 sakwana ndi zaka ziwiri zomwe. Motero foni ya zaka zitatu ikamatha moto dzuwa lisanafike paliwombo, palibe amene waiononga; ndi ukalamba chabe, ndipo chofunika kusintha ndi batire lokha, osati foni yonse.

Komabe musanagule batire onani zinthu ziwiri. Kuwala kwa sikirini kumadya moto kwambiri, kutsitseni. Ndiponso kumalo kumene netiweki iri yofooka, foni imalimbana ndi kufuula kuti nsanja iimve, ndipo potero imatha moto msanga. Foni imene imafika madzulo mukakhala ku tauni, koma kumudzi imatha masana, ilibe matenda.

Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha. Apple yomweyo imalangiza kuti mafoni ake azigwira ntchito pamalo posaposa madigiri 35, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Choncho musasiye foni pazenera, patsogolo pa galimoto, kapena pamwala kumunda. Musaitchajire pansi pa pilo kapena m'mabulangete, ndipo ikatentha pa tchaja ivuleni kava, muileke ipume.

Tsono imvani bwino izi, pakuti apa si nkhani ya ndalama ai, koma ya moyo. Mukaona chivundikiro cha kumbuyo chikutukuka, kapena sikirini ikunyamuka m'mbali, batire latupa. La kafoni ka mabatani likatupa limazungulira ngati nguli mukaliika patebulo. Kutupako ndi mpweya umene umatuluka mankhwala a m'kati akamaonongeka, ndipo batire lotero lingathe kuyaka. Moto wa mabatire si nthano: m'chaka cha 2016 kampani ya Samsung inachotsa pamsika foni yake ya Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka. Batire lotupa musalitchaje, musalifinye, musaliboole ndi msomali kuti liphwe, ndipo musaliponye pamoto kapena kupatsa ana kuti aseweretse. Zimitsani foni, iikeni pasimenti kapena pamchenga kutali ndi udzu, nsalu ndi palafini, ndipo ipite kwa mmisiri.

Ikagwera m'madzi

Chimene chimapha foni msanga si madzi okha, koma madzi akakumana ndi moto wa batire. Chifukwa chake cholakwa chachikulu ndi kuiyatsa kuti tione ngati ikali moyo, kapena kuiika pa tchaja. Itulutseni msanga, muizimitse. Chotsani kava, simu, memori khadi, ndiponso batire ngati ndi lochoka. Ipukuteni, ndipo muigogode pang'ono padzanja, kabowo kotchajira kataloza pansi. Kenaka isiyeni pamthunzi popita mphepo masiku awiri athunthu. Musaiwambe pambaula kapena kuiyanika padenga la malata, chifukwa mudzaumitsa madzi ndi kupha batire.

Ambiri amati iikeni mumpunga. Mpunga suyamwa madzi amene ali m'kati mwa foni kuposa mmene mphepo imachitira, ndipo m'chaka cha 2024 inamveka ponseponse nkhani yakuti kampani ya Apple ikuletsa mchitidwewu, chifukwa tizidutswa ta mpunga timalowa m'timabowo. Mpungawo phikirani ana. Ngati foni yagwera mu tiyi, mu thobwa, kapena m'madzi a sopo, kuuma kokha sikukwanira, pakuti shuga ndi mchere zimatsalira ndi kudya timizere ta m'kati mwa dzimbiri. Yotereyo ipite kwa mmisiri tsiku lomwelo iri yozima, kuti akaitsuke. Thukuta nalonso liri ndi mchere; amayi osunga foni pachifuwa ndi abambo olima nayo m'thumba la malaya aiike kaye m'kachikwama.

Mafoni ena analembedwa IP67, kutanthauza kuti pa mayeso anapirira m'madzi oyera akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Koma chitetezo chimenechi chimafooka foni ikagwapo kapena ikatsegulidwapo, motero musachiyese dala. Dziwaninso kuti mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro koyera m'kati, kawirikawiri polowera simu kapena pansi pa batire, kamene kamafiira kakanyowa. Kumubisira mmisiri kuti foni inanyowa ndi kudzichedwetsa nokha.

Foni ikagwera m'chimbudzi, itayeni mumtima. M'chaka cha 2003 ku Mombasa, m'dziko la Kenya, amuna atatu anafa motsatizana polowa m'dzenje la chimbudzi kukatola foni. Madzi akatayika saoleka, koma foni ina idzagulidwa, munthu sagulidwa.

Galasi ndi tachi

Nkhope ya foni ya tachi iri ndi magawo atatu osanjikizana: galasi pamwamba, gawo lomva chala pakati, ndi gawo loonetsa zithunzi pansi. Ambiri timaonjezera kagalasi koteteza pamwamba pake. Foni ikagwa n'kuoneka ming'alu, yambani mwapalasa ndi chikhadabo m'mbali. Mwina chasweka ndi choteteza chokha, chimene mtengo wake ndi wochepa. Ngati galasi lenileni lang'ambika koma zithunzi zikuoneka ndipo chala chikumveka, foni ingagwirebe ntchito, bola mumatepo choteteza kuti isakuchekeni ndiponso kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Koma mukaona banga lakuda ngati inki yotayika, kapena mizere yamitundumitundu, gawo lapansi lavulala, ndipo bangalo limakula. Koperani manambala ndi kusamutsa zithunzi zanu lero lomwe, sikirini isanade yonse.

Gawo lomva chala limagwira ntchito ndi mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri imene khungu la munthu limasokoneza. Madzi nawonso amaisokoneza. Ndicho chifukwa chake foni imachita misala tikaigwira ndi manja onyowa. Ikamadzisindikiza yokha ngati pali dzanja losaoneka, ipukuteni kaye, chotsani choteteza chosweka, ndipo onani ngati izi zikuchitika iri pa tchaja pokha. Ngati zaleka mutazula chingwe, wolakwa ndi tchaja. Palinso kadiso pamwamba pa sikirini kamene kamazimitsa kuwala foni ikayandikira khutu. Kakaphimbidwa ndi litsiro kapena choteteza chomatidwa mokhota, sikirini imakana kuwalanso mukaichotsa kukhutu, ndipo mumalephera ngakhale kudula foni.

Mau akapanda kumveka

Foni iri ndi kasipika ka kukhutu pamwamba, sipika yaikulu ya nyimbo, ndi kabowo kolandira mau athu kumunsi. Kudziwa chimene chadwala ndi kosavuta. Ngati simukumumva amene mukulankhula naye, ikani mau pa sipika yaikulu. Akamveka, chatsekeka ndi cha kukhutu. Ngati iye ndiye sakukumvani, dzijambuleni mau ndi kumvetsera; akatuluka apansipansi, kabowo ka kumunsi kadzaza. Timabowo timeneti timatsekeka ndi fumbi, ufa wa kuchigayo ndi mafuta odzola. Tsukani ndi mswachi wouma wofewa, foni itayang'ana pansi. Musalowetsemo singano, chifukwa kuseri kwake kuli kansalu kopyapyala kamene kakabooka sikasokedwa. Onaninso ngati kava sanaphimbe kabowoko, ngati Bluetooth sinatumize mau ku sipika ina iri m'chipinda cha mwana, ndiponso ngati pamwamba sipakuoneka chizindikiro cha mahedifoni pamene simunawalumikize. Chizindikirocho chikakakamira, polowera mahedifoni pali fumbi kapena chinyezi.

Simu ndi netiweki

Foni ikalemba kuti mulibe simu, kapena timizere ta netiweki tikasowa, yambani mwafunsa mnansi wa kampani yomweyo. Ngati nayenso alibe, vuto liri kunsanja, ndipo mankhwala ake ndi kudikira. Onani ngati pamwamba sipali kachizindikiro ka ndege, kamene kamatseka netiweki yonse ndipo kamasindikizika mwangozi m'thumba. Kenaka zimitsani foni, tulutsani simu, pukutani mbali yake yachikasu ndi kansalu kouma, muibwezeretse bwino. Zikakanika, ikani simu yanu m'foni ina, ndi simu ina m'foni yanu. Vuto likatsata simu, pitani ku ofesi ya kampani ndi chiphaso chanu cha unzika, akakupatseni ina ya nambala yomweyo. Likatsalira m'foni, ndi ntchito ya mmisiri.

Inu achinyamata, musayese kulosera manambala. PIN ya simu ikalakwika katatu simu imadzitseka ndi kufunsa PUK, nambala ya madijiti 8 imene inalembedwa pa khadi lalikulu limene munathyolapo simu. PUK ikalakwika maulendo 10 simuyo yafa kotheratu. Safunsa anadya phula.

Pano tiulule manyazi athu achiwiri. Mnyamata uja atamva za ndalama za feteleza, anatifunsa mwaulemu kuti, "Kodi agogo, bwanji simunangoika simu m'foni ya mayi?" Ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhala m'foni monga zimakhalira m'chikwama. Zimasungidwa ndi kampani pa nambala yanu, ndipo foni ndi zenera chabe loonerapo. Foni ikafa, simu ndi nambala yanu yachinsinsi zikwanira kuti mutape ndalama zanu pa foni ina iriyonse. Tikanadziwa zimenezi, m'mawa uja ukanakhala wopanda mkwiyo.

Popita kwa mmisiri

Mukayesa zonsezi osaphula kanthu, pitani kwa mmisiri, koma mupite ndi maso. Amisiri abwino alipo ambiri, ndipo mudzawazindikira chifukwa amayesa asanatchule matenda. Muuzeni zonse zimene zinachitika ndi zimene mwayesa kale. Funsani mtengo asanatsegule, ndiponso kuti ntchito yake ikalephera mudzabwerera kwa masiku angati. Chotsani simu ndi memori khadi, mupite nazo. Nambala yachinsinsi ya ndalama zanu musamupatse, pakuti palibe kukonza kulikonse kumene kumaifuna. Akasintha chipangizo, pemphani kuti akuonetseni chakalecho. Ndipo ngati mtengo wokonzera wayandikira mtengo wa foni ina, khalani pansi muwerengere musanavomere.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Lero lomwe, foni yanu ikali yamoyo, sindikizani *#06# ndipo idzaonetsa nambala ya madijiti 15 yotchedwa IMEI, imene iri ngati dzina la foni yanuyo. Ilembeni m'kope, pamodzi ndi PUK ndi manambala a abale, a kuchipatala ndi a kusukulu. Nambala imeneyi idzakuthandizani kutsimikiza kuti foni imene mwalandira kwa mmisiri ndi yanu, ndipo ikabedwa apolisi adzaifuna. Nambala yachinsinsi ya ndalama yokha musailembe m'kopemo. Imeneyo isungeni m'mutu.

Mau otsiriza

Titafika kunyumba madzulo aja tinaitana banja lonse pakhonde, tinaika kam'bulu ka ulusi kaja padzanja, ndipo tinapepesa kwa mdzukulu wathu pamaso pa onse. Sichinali chapafupi kwa munthu wa imvi, koma mlandu unali wapoyera, choncho kupepesa kwake kunayeneranso kukhala kwapoyera. Lero kope la manambala limasungidwa ndi iye, ndipo tsiku lina foni ya mayi itagwera m'beseni, ndiye anathamanga kudzanena, nakaniza aliyense kuiyatsa. Foniyo ikugwira ntchito mpaka lero.

Inu makolo, musachite manyazi kufunsa ana anu za zinthu zimenezi, ndipo foni ikadwala yambani mwaunika m'kabowo musanayang'ane nkhope ya mwana. Inu anyamata ndi asungwana, amene zala zanu zinazolowera mafoni, musawaseke makolo akasokonezeka. Khalani nawo pansi muwaonetse, ndipo mukalakwitsa nenani msanga, foni ikali yotheka kupulumutsidwa. Sabata ino tengani tochi, muunike mafoni onse a pakhomo panu.